Azakhali abwera ndi lezala kuchipatala

Mwaswera bwanji nonse.

Tangotuluka kumene kuchipatala ndi mlongo wathu Tamara. Zotsatira za sikani ndi za magazi zabwera. Adokotala akuti mutu wakhala ukumuzunza uja, mitsempha ya magazi ya muubongo ndi imene yatupa. Chitetezo cha m'thupi mwake chikulimbana ndi thupi lake lomwe, ndiye magazi akumaundana. Amupatsa mankhwala ochepetsa kutupako ndi ena oletsa magazi kuundana. Lero wadya bwino, mpaka kuseka. Mtima wanga wakhala pansi.

Koma imvani izi. Tili mkati, azakhali a ku Chiparamba anatulutsa lezala latsopano m'chikwama, amvekere, "Ndimuteme mphini ziwiri pachipumi, mutuwu uthe."

Adokotala sanakalipe. Anangoti, "Amayi, ndi mankhwala awa, ngakhale kachilonda kakang'ono magazi sasiya msanga."

Azakhali analiyang'ana lezalalo, n'kundipatsa ine. "Kamete ndevuzo, ukuoneka ngati tonde."

Tsopano Tamara akufuna akapumule kumudzi. Timulole, kapena akhale kaye kuno ku Chipata? Paja kumudziko aliyense womukonda ali ndi lezala lake.