Chisanu chimene tinkafuna kukafika ku damu

Amalume anali ndi fulasiki yobiriwira imene chotsekera chake chinatayika kalekale, moti ankaitseka ndi chitsononkho chokulunga m'pulasitiki. Ndinaikumbukira tsiku lina kuno ku Doha, m'nyumba ina ya m'dera la Al Hilal mmene ndimagwira ntchito ya unamwino, kusamalira mayi wina wokalamba. Ndinaona yofanana nayo kukhitchini. Panja dzuwa linali kuswa mtengo, koma ine ndinamva fungo la paini wonyowa.

Chinali chisanu chimene amayi anatuluka m'chipatala, ine ndili mwana. Ine anangondiuza kuti anadwala chifuwa ndipo achira, basi. Amalume, amene ankagwira ntchito ya zankhalango pamwamba pa phiri la Zomba, anatitenga kuti tikakhale nawo tchuthi chonse. "Mpweya wa kuno ndi mankhwala, mlongo," ankatero.

Iwo ndi amene anatiuza za damu lobisika pakati pa mitengo, la madzi ozizira ngati achoka m'firiji. Tinagwirizana kuti sukulu isanatsegulidwe tikalione. M'mawa uliwonse, nkhungu ikayamba kuchoka, tinkanyamuka: ine patsogolo, amayi pakati atafunda zitenje ziwiri, amalume pambuyo ndi tiyi wawo. Masamba a paini ankaterera pansi pa nsapato. Anyani ankatiyang'ana ali m'nthambi ngati tabwera kudzawalanda malo. M'mbali mwa njira munali tizipatso tachikasu ta mulunguzi, tokoma mowawasira, ndipo manja anga ankakhala okandikakandika ndi minga yake.

Koma damulo sitinkafikako. Vuto linali amalume. Munthu amene ankasenza chipika paphewa ngati mtolo wa udzu, akakhala nafe ankasanduka nkhalamba. Pano chingwe cha nsapato chamasuka. Apo kamwala kalowa m'jombo. Tikangoyamba chitunda, bondo lawo layamba. "Tiyeni tikhale kaye, bondo langali lakana," ankatero, n'kukhala pachitsa, amayi n'kukhala pambali pawo. Ine ndinkathamanga mpaka pokhota njira n'kubwerera, nditafufuma ndi mkwiyo.

"Amalume, ndinu aulesi!"

Amayi ankaseka mpaka kutsokomola.

Lero ndikamayendetsa mayi wokalamba uja m'khonde, ndikamva kupuma kwake kwasintha, sindimufunsa ngati watopa. Angakane, ndi munthu wosafuna kumveredwa chisoni. Ndimangowerama n'kuyamba kukonza nsapato yanga.

Tsiku lina amayi anakhala pamwala nthawi yaitali, milomo itatuwa. "Achimwene, pitani ndi mwanayu akaone. Ine mudzandiuza." Amalume anapukusa mutu. Anati damulo silithawa, ndipo bondo lawo tsiku limenelo lanyanya. Tinabwerera, ine nditakwiya mpaka madzulo. Ndinadzamva nditakula kuti akuluakulu anali atapangana kale: amayi akanapanda kupeza mphamvu, ine ndikanatsala kwa amalume, amayiwo n'kubwerera kuchipatala.

Komabe tsiku lililonse tinkapitirira pamene tinalekezera dzulo lake. Tinadutsa chitsa, tinadutsa mwala uja, tinawoloka kamlatho ka matabwa oterera ndi ndere. Amayi anasiya chitenje chimodzi kunyumba. Anayamba kundilanda tizipatso tanga.

Sabata yomaliza ya tchuthi mitengo inangotseguka mwadzidzidzi, madzi ali mbee patsogolo pathu. Panali bata, phiri lonse ndi mapaini ake likuoneka mozondoka m'katimo. Amayi anavula nsapato, n'kuviika phazi limodzi, n'kukuwa ngati kamtsikana: "Mayo ine, kuzizira!" Kenaka anaviika linalo. Anandiwaza madzi kumaso, ine n'kubwezera, mpaka tonse tinanyowa. Amalume anatembenukira kumitengo, akupukuta m'maso ndi chipewa, amvekere mphepo ya pano imalowetsa zitsotso.

Tinamwa tiyi ndi mbatata yootcha, mapazi ali padzuwa. Pobwerera amayi ndi amene anatsogola, akuimba nyimbo ya kwaya imene ndinali ndisanaimve chichokereni m'chipatala. Amalume anayenda njira yonseyo osakhala pansi ngakhale kamodzi.

Titafika pakhomo ndinawakoka amayi chitenje n'kuwanong'oneza nkhani yabwino imene ndinaiona ndekha: "Amayi, bondo la amalume lapola."

Anayang'anana ndi amalume, kenaka onse awiri anaphulika kuseka, amayi mpaka kugwira chitseko. Ine ndinaima pakati pawo, wonyada kuti phiri lachiritsa munthu, osamvetsa chimene chinali choseketsa.