Pepala la Mapaundi Makumi Awiri

"Werengera iwe, umuuze munthuyu kuti ndi wakuba," anatero atate, akundiponyera sileti pamiyendo.

Tinali pakhonde la a Zulu, kalaliki wa sitolo ku Kapata, nthawi ya Chitaganya, Chipata akutchedwabe Fort Jameson. Ndinali ndi zaka 15. Ndinali nditakhoza Sitandade 6, ndipo sukulu ya sekondale inkafuna mapaundi 17, kuphatikiza bulangeti ndi basi.

Ndalama tinalibe. Tinali ndi pepala. Zaka zitatu m'mbuyomo atate anagulitsa ng'ombe ziwiri nakongoza kampani ina yogula fodya mapaundi 20. Kampaniyo inalemba kuti izipereka paundi imodzi chaka chilichonse, ndipo zikatha zaka khumi idzabweza 20 yonse. Atate ankaliona pepalalo ngati ng'ombe yoikiza m'khola la mnzako: imabereka, ndipo tsiku loifuna umakaitenga yathunthu. Ankalisunga m'chitini cha tiyi, moti linkanunkha tiyi ndi dzimbiri.

Kampani inakana kubweza nthawi isanakwane. A Zulu anavomera kuligula, koma pa mapaundi 16 ndi masheleni khumi.

"Palembedwa 20 apa. Kapena magalasi anuwo ndi okongoletsera nkhope?" anatero atate.

"Palembedwadi, a Jere. Koma mapepala a chaka chino akubala paundi ndi masheleni khumi. Lanuli likubala paundi yokha. Ndigulirenji ng'ombe yowonda pa mtengo wa yonenepa?"

Ndinalemba. Kusiyana kwake masheleni khumi pachaka. Zaka zotsala zisanu ndi ziwiri. Zonse pamodzi mapaundi atatu ndi masheleni khumi, poti paundi imodzi inali masheleni 20. Ndinachotsa pa 20. Ndinabwereza kawiri, thukuta likudontha pasileti.

"Akunena zoona, atate."

A Zulu anaseka. "Mwana ali ndi mutu uyu."

Atate sanandimenye. Bola akanandimenya. Anapinda pepala lija, nalibweza m'chitini. "Ng'ombe zanga ziwiri sindizitaya chifukwa cha sileti," anatero. Tinayenda wapansi mpaka kumudzi, iwo patsogolo, ine pambuyo. Anzanga atakwera basi, ine ndinayamba kuumba njerwa.

Patapita zaka ndinkamanga nyumba ya munthu wina wogwira ntchito kubanki. Tikupuma masana ndinamufotokozera nkhaniyi. Anatola khala, nalemba pakhoma losapaka pulasitala.

"Masheleni khumi amene udzawasowe patapita zaka zisanu ndi ziwiri si ofanana ndi khumi a lero," anatero. "Ukaika asanu ndi limodzi kubanki lero, pofika nthawiyo aswana mpaka khumi. Ndiye sungachotse khumi athunthu chaka chilichonse. A kutali amachepa."

Anatsitsa chaka ndi chaka mpaka pansi. Mtengo woyenera wa pepala lija unali mapaundi 17 ndi masheleni asanu ndi awiri.

Nambalayo inkakwanira sukulu ija. Kenako ndinaipaka matope ndekha.

A Zulu ankawadziwa masamu amenewa. Atate sankadziwa masamu, koma mtima wawo unamva kuti akuberedwa. Ine ndinkadziwa theka, ndipo theka limenelo ndi limene linandimanga. Ndikanangokhala chete, mwina akanakangana mpaka 17. Kuyambira pamenepo ndimaopa munthu wophunzira pang'ono kuposa mbuli, chifukwa amayankha msanga.

Pepala lija linakhwima Chitaganya chitatha kale. Kampani inalipira ndithu, osaperewera ndi khobidi lomwe. Atate anandipeza ndili pamwamba pa khoma ku Nabvutika, atakalamba, chipewa chili m'manja. Ndinatsika. Anatulutsa chitini chija, nawerenga mapaundi pa njerwa, imodzi imodzi.

"Waona? Makumi awiri. Athunthu. Tenga, ndi a sukulu yako aja."

Ndinali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Manja anga anali atang'ambika ndi simenti. Ndinayang'ana ndalamazo, ndinayang'ana iwo. Ndinatola chipande changa chomangira, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.