Njovu ya Agogo a Kuseri kwa Mpanda

M'galaja ya amayi ku Mirrabooka, dera la mumzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tinasamukira, mudakali thabwa lojambulidwa njovu yabuluu. Mwendo wake umodzi ndi wopindika. Umenewo ndinajambula ndine, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Miyendo inayo inajambulidwa ndi bambo wachikulire wa ku India amene ankakhala kuseri kwa mpanda wathu. Amayi anandiuza kuti ndiziwatchula Agogo. Anabwera kudzaona mdzukulu wawo wakhanda kwa miyezi itatu, koma mliri wa korona utabuka, malire anatsekedwa. Akazi awo anali atatsala kwawo.

Kwawoko kunali ku Rajasthan, m'katauni ka m'mphepete mwa chipululu. Ankandionetsa pafoni nyumba zikuluzikulu zimene amalonda akale anamanga, makoma onse ojambulidwa kunja ndi mkati: mahachi, ngamila, mafumu andevu, sitima yapamtunda yofuka utsi. Eni ake anasamukira kumizinda, n'kusiya maloko pazitseko. Ntchito ya Agogo, ngati ya bambo awo, inali yokonzanso zithunzi zofufutika. Mu akachisi ankajambula kudenga atagona chagada pamatabwa, utoto ukuwadonthera m'ndevu. Chingerezi chawo chinali chochepa, choncho zambiri ankandiuza ndi manja.

Amalume ankatibweretsera matabwa otsala kuntchito kwawo ku Malaga, dera la mafakitale la pafupi ndi kumene tinkakhala. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza Agogo pakhonde akusungunula utoto m'zigoba za kokonati, pakumveka fungo la laimu ndi tiyi wa jinja. Amayi, munthu wa tchalitchi, anaona chithunzi cha mulungu wakhungu labuluu akuimba chitoliro, ndipo anandiitanira kukhitchini.

“Njovu jambula, mahachi jambula, koma milungu yawoyo uisiye.”

Sindinawauze Agogo zimenezi, koma sanandipatsepo mulungu woti ndijambule. Lero ndimaganiza kuti nkhope ya amayi anaiwerenga okha.

Masana alionse ankaimbira akazi awo, n'kuwaonetsa zimene tajambula. Mayiwo ankaseka mwendo wa njovu yanga mpaka kudziphimba kumaso ndi nsalu yakumutu. Chaka chachiwiri, kuzizira kutangoyamba, mayiwo anayamba kutsokomola pafoni. Patapita sabata anasiya kuyankha.

Amayi atamva kuti akazi a Agogo amwalira, anavala chitenje, n'kupita kukakhala pansi pambali pa mwana wamkazi wa Agogo, mayi wa khanda lija, monga timachitira kwathu. Ndege yoti Agogo akwere panalibe, ndipo mwambo wonse anauonera pafoni. Ine, ndikuvomereza mwamanyazi, chinkandiwawa n'choti khonde lili lotseka ndipo hachi imene tinkajambula yatsala yopanda mutu.

Patatha masabata atatu Agogo anandikodola pampanda. Ndinapeza utoto wosungunula kale, thabwa lili pamalo pake. Anandipatsa burashi yawo yeniyeni, yaubweya wofewa, imene sankalola munthu kuigwira. Iwo anakhala pampando, manja atawabisa pakati pa mawondo.

“Iwe,” anatero, akuloza hachiyo ndi chibwano.

Kuyambira tsiku limenelo mizere yonse ndinkalemba ndine, iwo akungondiwongolera ndi mawu. Ndinathamangira kwa amayi kukadzitama kuti luso langa lakula, Agogo andisiyira ntchito yonse. Amayi anangoti ndizipitako tsiku lililonse, ngakhale kugwe mvula.

Ndinkapitadi, monyadira. Sindinkadziwa kuti chisoni chimatha kunjenjemeretsa manja amene anajambula madenga a akachisi zaka makumi anayi osaphonya mzere.