Foni ya atate ikulandilabe nkhani

Mwachoma bwanji nonse.

Lelo ndayatsa foni ya atate koyamba chiwaikile m'manda. Ndinakwela nayo pachulu paja timapezela netiweki, kuseli kwa sukulu. Itangogwila, nkhani zinayamba kulowa zokha mpaka foni kutentha m'manja.

Ahedi a pasukulu pamene atate ankaphunzitsa ndiwo andimasulila. Atate analembetsa ku masamba ena a pa intaneti kuti nkhani ikatuluka izibwela yokha, za mvula, za mbozi za m'chimanga, za mayeso. M'mawa uliwonse ankasankhapo imodzi n'kuwelengela ana awo a giledi 7.

Koma pali tsamba lina la Chipwitikizi, la nkhani za ku Tete. Mukudziwa atate ankati za kwawo ku Mozambiki zinathela pankhondo, tisamawafunse. Foni ikuonetsa kuti nkhani za kumeneko sanadumphe ngakhale imodzi, mpaka tsiku lomwe anagonekedwa m'chipatala.

Atate aang'ono, munati pogawa katundu Loweluka foni ipite kwa mphwanga Sitivini. Iye akuti afufuta zonse aikemo nyimbo. Ine mtima ukukana. Inu nonse mukuti bwanji?

Pamene ndikulemba pano yalowanso ina ya ku Tete. Sindinaitsegule.