Zikhomo Zanga Mumchenga

Mapoloti a kuseri kwa msika wa pa Boma anayezedwa mu Okutobala, zaka zija zipani zitangochuluka, aliyense akulota kagolosale kake. Nyengo imeneyo kamtsinje kochokera ku phiri la Michesi kamakhala mchenga wokhawokha, mbuzi n'kumagonamo. Oyeza malo anakhoma zikhomo mosaopa, ndipo ziwiri mwa zanga zinagwera pakati penipeni pa mchengawo.

Ine n'kuti nditapempha kabuku kopanda chikuto kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa, konena za kamangidwe ka mizinda. Masamba oyambirira anali atapita kale ndi zitumbuwa, choncho sukulu yanga ndinaiyambira pakati. Komabe ndinatolamo chimodzi: mzinda uzisiyira mtsinje njira yake, ndi bango lake lomwe. Kuyambira pamenepo mtima sunakhalenso m'malo.

Ndinakamupeza mmodzi wa oyeza aja n'kumuuza za mtsinjewo. "Achimwene, mtsinje wake uti? Mukuuona inu?" anandifunsa akupukuta thukuta.

"Mubwere mu Januwale, bwana."

"Januwale tili ku Nkhulambe."

Kunyumba nako mayi a ana anga anali atatopa ndi lendi. "Inu, anzanu nyumba zawo zafika pawindo, inu mukadali pa mapepala a mafutawo. Anawa azigona m'bukumo?"

Ndinamanga, koma chakumtunda kokha, zipinda ziwiri m'malo mwa zinayi, bango osalikhudza. Aneba a kutsidya anasenga lawo, anaumba njerwa ndi dothi la m'gombe, n'kumanga mpanda mpaka pa chikhomo chawo. M'mawa uliwonse ankandifuulira: "Apulofesa! Ng'ona zanu zafika?"

Mvula itagwa, madzi anatsika atasenza majumbo, nthenga za nkhuku ndi zinyalala zonse za kumsika. Anagunda mpanda wa aneba, n'kukhotera kwa ine amene ndinawasiyira njira. Bango linalimba chaka chimenecho, koma gombe linayamba kudyeka pansi. Michesi ikangoda, ndinkasiya chilichonse, ngakhale pakati pa mapemphero, n'kuthamanga ndi khasu kukaunjika miyala. Ku ofesi ya oyeza malo ndinapitanso kangapo. Ankandipatsa mpando mwaulemu, amvekere nkhani yanga ndi yomveka ndithu.

Mvula zingapo zitadutsa, khoma la chipinda cha ana linang'aluka, mng'alu wolowa dzanja. Mayi sanandinene. Anangoyamba kumanga ziwiya m'chitenje.

Malata tinazula tokha. Aneba anawoloka kudzatithandiza kuwakweza pangolo yopita kwathu kwa Mkhumba, ndipo tsiku limenelo sanafunse za ng'ona. Anangoima n'kumayang'ana pansi pa mpanda wawo, pomwe madzi anali atayamba kufukula.