Mmene Ndinasiyira Mpando ku Maramba

Bungwe lathu linayamba ndi chidebe cha phala kuseri kwa tchalitchi china ku Maramba. Tinali amayi ochepa, ambiri ogulitsa pamsika, ndipo tinkadyetsa ana amene makolo awo anatha ndi matenda. Ine ndinkatha kulemba Chingerezi chosachititsa manyazi, choncho anzanga anandikankhira kutsogolo. Phala lija linabala sukulu ya mkaka, sukuluyo inabala ofesi yokhala ndi fani, ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti tauni yonse ikunditchula kuti ba Dayirekita. Ngakhale amuna anga ankanditchula choncho akafuna kuti ndiwapatsire mchere.

Ntchitoyo sinkathera muofesi. Maliro akagwa, mpopi ukauma, banja likagwedezeka, mwana wa munthu akagona kupolisi, zonse zinkafika pageti panga ku Dambwa ndisanatsuke n'komwe mkamwa. Ndinkaikonda, sindinama. Ndinkakondanso kuti ndikafika pa minibasi kondakitala ankachotsa munthu pampando wakutsogolo kuti ndikhalepo ine.

Malamulo athu ankati chaka chilichonse mamembala azisankha mtsogoleri. Koma panali lamulo lina losalembedwa, lolemera kuposa onse: munthu wabwino safuna mpando. Akakutchula dzina uyenera kukana. Uyang'ane pansi, unene kuti ndiwe mbuli, watopa, alipo ena okuposa. Anthu akukakamize, ukanenso, kenako uvomere ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Pa mwambo umenewu ine ndinali katswiri. Ndinkakana mokoma kwambiri moti amayi ena ankatseka malonda awo n'kubwera kumsonkhano kudzangoonerera kukana kwanga.

Kenako amuna anga anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu awo anayamba kutuluka opindika, moti alendo ankangogwedeza mutu osamva kanthu. Ana athu ali kutali ndi mabanja awo. Tinayesa kulemba munthu wowasamalira, koma bambowo anakana kusambitsidwa kapena kudyetsedwa ndi wina aliyense. Ndinkawasiya pakhonde m'mawa, ndikabwera madzulo n'kuwapeza pomwepo, chakudya chili chovundikira, maso ali pageti. Ankaonda ndikuona. Ndinatsimikiza mtima kuti ndisiye ntchito, ndipo wolowa m'malo analipo kale: wachiwiri wanga, mayi wachitsikana wophunzira bwino, amene kunena zoona ndiye ankayendetsa ofesi ine ndili kumaliro.

Pamsonkhano wa chaka chimenecho ndinaimirira n'kunena zoona zokhazokha.

“Bazimai banzanga, chaka chino nasiya. Bamuna banga badwala maningi, sibakudya ngati ine kulibe. Nipempha musankhe wina.”

M'manja munawomba. Mnzanga wakale, mayi wa mtundu wa Alozi wogulitsa nsomba zouma pamsika wa Maramba, amene tinkatakasa naye phala loyamba lija, anaimirira n'kutembenukira kwa anthu.

“Mwamvela mwamene bakanila ba Dayirekita? Uyu ndiye mtima tifuna. Banthu ba manje bafuna chabe mipando.”

Ndinabwereza kuti sindikuseka. Misozi inatsika, yeniyeni. Amayi anayamba nthungululu. Wina amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kuti chaka chino ndaposa zaka zonse, makamaka pa misozi paja. Manja anakwera holo yonse, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili Dayirekita.

Chaka chotsatira ndinayamba msanga. Ndinayenda nyumba ndi nyumba, benchi ndi benchi pamsika, kufotokozera aliyense payekha. Onse ankamvetsera mwaulemu n'kumati, “Tamvela, amai, tamvela.” Mbiri inamveka Maramba yense kuti ba Dayirekita ndi odzichepetsa kwambiri moti ayamba kukana chisankho chisanayandikire n'komwe. Pamsonkhano ndinafika pogwada pansi. Anandisankhanso, n'kundiveka chitenje chatsopano.

Madzulo ake ndinakhala pakhonde n'kumadandaulira amuna anga uku ndikuwadyetsa. Anandiyang'ana, kenako mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kuseka. Analimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka.

“Ukaupemphe.”

“Nikapemphe chani?”

“Mpando.”

Ndinaika supuni pansi. Bambo amenewa anakhala nane zaka zonsezo osalowerera nkhani za bungwe, koma amayi a ku Maramba ankawadziwa kuposa ine.

Sindinauze munthu, ngakhale wachiwiri wanga, chifukwa nkhope yake sisunga chinsinsi. Tsiku la msonkhano wotsatira ndinavala suti yofiira, nsapato za gogoda zimene zinkandiluma, ndi magalasi akuda amene mwana wanga anaiwala kunyumba. Ndinafika mochedwa dala, osapepesa. Pemphero litangotha, wotsogolera chisankho asanafunse n'komwe maina, ndinadzuka n'kupita kutsogolo.

“Tisataye nthawi,” ndinatero. “Ine nifuna mpando. Kulibe wina angakwanise pano. Iyi bungwe ni ine, ndine ninaipanga.”

Mayi wina amene anali atakonzeka kale kuimba nthungululu anatsala dzanja lili pakamwa. Ndinawonjezera kuti akandisankha ndifunanso mpando wozungulira muofesi.

Kumbuyo kunamveka mawu otchula wachiwiri wanga. Mwana wa eni ake anadzidzimuka ngati waponda moto. Anati sangathe, akadali mwana, amayi ake pantchito ndine, ndipo anayamba kulira ndi mantha enieni. Ine monga katswiri ndinaona kuti kukana kumeneko kunali kwapamwamba. Amayi nawonso anaona. Manja anakwera ngati mapesi a chimanga. Atafunsa ofuna ine, dzanja linali langa lokha, ndipo nalonso ndinalikweza mwamanyazi.

Ndinapeza chimene ndinkafuna, ndiye ndinayembekezera kuti mtima ukhala mbee. Koma potuluka panalibe wondinyamulira chikwama, panalibe wondiperekeza. Anthu ankapatuka kundisiyira njira, maso ali kumbali. Pageti ndinapeza mnzanga wa nsomba uja akumanga bwino chitenje chake. Ndinachotsa magalasi n'kumuyang'ana, ndikudikira kuti anditsinzinire diso, chifukwa ngati panali munthu woti n'kuzindikira sewero langa anali iyeyo. Tinaikira limodzi maliro osawerengeka, ana ake anagonapo m'nyumba mwanga.

Anapukusa mutu mwachisoni.

“Awe mwandi, ba sisi,” anatero. “Ise tenze tinaona kudala kuti muli na mtima wa so. Zaka zonse izi mwenze kubisa chabe.”

Zinandiwawa kwambiri, kuposa mmene ndinkaganizira. Sikuti anangokhulupirira bodza langa, koma analikhulupirira mosavuta, ngati kuti ankalidikira. Mawu ofotokoza anafika pakhosi. Kenako ndinaona mmene zikanathera: iye akanathamangira muholo kukanena kuti ba Dayirekita anadziipitsa dala chifukwa chosafuna mpando, amayi akanati kudzichepetsa kotere sikunaonekepo chiyambire, ndipo dzuwa lisanalowe ndikanakhala nditavekedwa chitenje china.

Ndinameza mawu aja. Ndinavalanso magalasi, n'kumuuza kuti amayiwo adzandifuna okha, ndipo ndinatsimphina ndi gogoda zanga kupita kokwerera minibasi. Munthu yekhayo amene akanandichitira umboni anali pakhonde ku Dambwa akudikira chakudya chamasana, ndipo mawu ake ndinkawamva ndine ndekha.