Mivumo ya Mayi Dorika

Mukakwera basi ku Ngabu kulowera ku Nsanje, pali malo amene kondakitala amafuula kuti, "Pamivumo, otsika!" Mukasuzumira pawindo simuonapo mvumo ngakhale umodzi, koma mapolo a magetsi ndi mbuzi basi. Ana a masiku ano amayesa ndi dzina chabe, poti za mayi Dorika palibe anawauza. Zimenezi n'zomvetsa chisoni.

Mayi Dorika anafika pamenepo ali mtsikana, atakwatiwa ndi Lorenso wa kutsidya ku Mozambiki. Pakhomopo anapezapo mivumo itatu imene apongozi awo anabzala atangowoloka Shire. Kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tsono moyo wonse wa mayiwa unali pansi pa mitengo imeneyi. Thonje ankasankhira pomwepo, mapira ankapetera pomwepo, ndipo zipatso zikagwa fungo lake linkaitana ana a mudzi wonse. Mwana wawo woyamba, Magdalena, anatsirizikira pamiyendo pawo ndi chikuku patsinde pa mvumo wapakati. Patapita zaka Lorenso nayenso anatsikira kulichete, mivumo n'kutsala.

Mawaya anabwera m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Anadutsa kuseri kwa mivumo kupita kumaofesi ndi kuchipatala, osapatukira m'nyumba mwawo. "Magetsi amangondidutsa pamutu ngati akakowa," ankatero akuseka.

Chitsirizira wawo, Antonio, ndiye anapita patali ndi sukulu mpaka kukhala injiniya wa magetsi. Nthawi imeneyo magetsi a kumunsi kuno ankazimazima chilimwe chilichonse, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake, ena mpaka kutchula afiti. Akuluakulu a kuntchito anamutuma Antonio kuti afufuze. Anatsata mawaya panjinga yamoto zilimwe ziwiri, kuyang'ana paliponse pamene panapsa, mpaka anada bii. Chimene anapeza chinali chaching'ono zedi. Mphepo ija yotsogolera mvula ikawomba, masamba ouma a mivumo ankathothoka n'kukagona pa mawaya, magetsi n'kuthima. Ndipo malo ovutitsitsa pa mzere wonsewo anali kwawo.

Anafika masana, nakhala pamphasa, chipatso chimene anamupatsa osachigwira n'komwe.

"Mayi, ndabwera ndi nkhani yolemera."

"Wapeza mkazi ku Kabula?"

"Ayi, mayi. Mivumoyi ndi imene ikuzimitsa magetsi. Iyenera kudulidwa."

Mayi Dorika anasiya kupeta. "Sukulu yonse ija unkaphunzira kugwetsa mitengo ya agogo ako? Mawaya akowo anaipeza mivumo pano. Mlendo ndiye apatuke."

Antonio anafotokoza kuti kusuntha mapolo kungatenge zaka, koma mayi ake anangoti kutenge zakazo. Anafotokoza za zigayo ndi za maofesi, iwo n'kuti mtondo ali nawo. Kenaka mnyamatayo analankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Kuchipatala kuli firiji yosungira katemera wa chikuku. Magetsi akazima, katemerayo amaonongeka. Amayi amayenda kuchokera kutali, n'kubwerera ana awo osabayidwa."

Mayi Dorika anatembenuka n'kuyang'ana patsinde pa mvumo wapakati nthawi yaitali. Antonio sanamuonepo Magdalena, koma ankadziwa chimene chinachitikira pamenepo, ndipo anadzida chifukwa choitchula nthendayo.

"Mubwere ndi nkhwangwa zakuthwa, mwananga," anatero pomaliza. "Musaizunze."

Tsiku lodula sanathawire kumunda monga anawalangizira anzawo. Anasesa pansi pa mitengo yonse ngati kukubwera alendo, n'kuima potero mpaka wotsiriza unagwa. Analira, ndipo sanabise.

Chilimwe chotsatira magetsi anakhazikika. Zimene Antonio analemba zinawerengedwa ndi mainjiniya anzake, ndipo anayamba kulambula m'mbali mwa mawaya mpaka ku Nsanje, kenaka ndi kumadera ena. Iye anatchuka nazo, ndipo anayenera. Koma amene ankamuyamikirawo sankadziwa kuti mayi ake tsopano ankasankha thonje akusunthasuntha ndi kamthunzi ka khonde, ndiponso kuti nyali yawo inali ya parafini mpaka tsiku la imfa yawo.

Chimene anthu akale a Pamivumo amakumbukira ndi masiku a sikelo. Amayi akamabwerera kuchipatala, ana kumbuyo akulira ndi ululu wa jakisoni, ankapeza mayi Dorika atakhala pa chitsa chapakati, dzuwa likuswa mtengo, ndowa ya madzi akumwa ili pambali. Mayi wina akayamba kutonthoza mwana mwamanyazi, iwo ankamuletsa.

"Musiyeni alire, ndimumve," ankatero. "Wanga uja anangokhala chete."